Laisensi ya a Laban

Makalata onse awiri ndinawabisa m'buku la mapemphero, pakati pa masalimo, poganiza kuti Mulungu awaona msanga kuposa mchimwene wanga Ambrose. Koma Ambrose ndiye anayamba kuwaona. Munthu amene amagwira buku limenelo pa Isitala pokha, tsiku limenelo analitsegula pofuna kapepala kopichirira fodya.

Makalatawo anachokera ku Blantyre, ku ofesi yoona za pamsewu, ndipo ankapita kwa atate athu, a Laban Chikwenga a ku Khuyu. Yoyamba inati popeza a Laban akula, apite kwa dokotala akawapime maso, atumize chikalata chake. Yachiwiri inabwereza zomwezo, n'kuwonjezera kuti akapanda kuyankha pofika kumapeto kwa Julayi nkhaniyo ipita kupolisi. Vuto linali limodzi lokha. Chaka chimenecho chinali 1992, ndipo maso amene ankafuna kupimawo tidawakwirira mu 1984.

Ndiyambe ndafotokoza, chifukwa anthu a kumtunda akamva nkhaniyi amathamangira kunditcha tambwali. Atate adayendetsa malole ku Bulawayo zaka makumi atatu ndi mphambu. Anzawo pobwerera kumudzi ankabwera ndi mawailesi ndi makina osokera. Iwo adabwera ndi Landirova, imene anaitsitsa m'sitima pa gombe la Mbamba, kwathu ku Likoma, mu 1966 ataimangirira pa migolo ndi matabwa, chilumba chonse chitagwira pakamwa. Msewu panalibe, ndiye adalemba anthu nalambula ndi makasu kuchokera kugombe kukafika ku Chipyela, kenako kanthambi kopita kwathu ku Khuyu. Galimoto imeneyo yanyamula odwala, maliro, simenti ndi akwati osawerengeka.

Ng'ala itawagwira m'maso mu 1977, anandikhazika ine pa chiwongolero, iwo pambali panga, kabuku ka laisensi kali m'thumba la malaya. Ankayendetsa ndi makutu. “Sintha giya, mwana iwe! Sukumva kuti ikulira?” Ambrose anayesapo kamodzi, nagwetsa khola la mbuzi la eni ake, basi anabwerera ku khoka lake.

Atamwalira, akuluakulu a pabanja anagawa katundu monga timachitira. Khoka linapita kwa Ambrose pamodzi ndi chiphaso chake, galimoto inabwera kwa ine pamodzi ndi laisensi yake. Kwathu chiphaso chimatsata khoka, ndipo aliyense wa pabanja amapita nalo panyanja. Ndani akanaganiza kuti galimoto ndi yosiyana? Kunatsala dzina. Woyenera kulowa dzina la atate anali muphwa wawo, koma ameneyo adatchona ku Joni osalemba ngakhale kalata. Akuluakulu anati dzina lisagone pansi, wogwira chiwongolero ndiye a Laban. Kuyambira pamenepo ndikamayenda pansi ndinali Keziah, ndikakwera galimoto ndinali a Laban, ndipo ngakhale ansembe ankandiitana choncho.

Nthawi yokonzetsa laisensi ikakwana ndinkatumiza kabukuko pa positi, nditasaina dzina la atate monga ndinkachitira iwo ali moyo osaona. Poyamba sindinkadziwa kuti ndi mlandu. Ndinadziwa patatha zaka zitatu, dalaivala wina wa lole ku Nkhata Bay atandiseka mpaka kutsokomola, kenako n'kuleka kuseka n'kunena kuti, “Mayi, zimenezotu n'za ndende.” Ndinapitirizabe, sindikana. Kutenga laisensi yanga kunafunika kupita ku Mzuzu, kukayesedwa pamsewu wa magalimoto ambirimbiri, ine amene pa zaka khumi ndi zisanu ndinali ndisanakumanepo ndi galimoto ina pamsewu. Ndinkaopa, ndipo manyazi ankandiletsa kunena kuti ndikuopa.

Ambrose atamaliza kuwerenga makalata aja anandiyang'ana ngati ndamudyera ndiwo.

“Iwe Keziah, miyezi itatu uli chete? Ukufuna akutenge pa sitima atakumanga?”

“Nanga nikanayankha chiyani, achimwene? Kuti maso awo ali bwino?”

Anakanda mutu, nayang'ana kukhonde la atate aang'ono. Ambrose nzeru zake zimabwera mothamanga ndipo zimabwera zonyowa.

“Wapolisi akaja afuna nkhalamba,” anatero. “Tim'patsa nkhalamba.”

Nkhalambayo inali a Cyprian, mng'ono wawo wa atate, a zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi chimodzi, mphuno ndi makutu zofanana ndi za malemu. Galimoto ankaikwera kumbuyo kokha, atatseka maso. Tsiku lililonse la sitima Ambrose ankawaveka jekete ya atate, kuwakhazika pakhonde pathu, n'kuyamba kuwaphunzitsa.

“Jina lanu ndani, atate?”

“Cyprian.”

“Iyayi! Laban!”

“Laban adafa, mwana iwe. Dothi loyamba nidaponya ndine.”

Mbali yanga inali yonena kuti atate akudwala mwezi uno ndipo ndikungothandiza. Kuyendetsa tsiku limodzi wopanda laisensi ndi mlandu wa chindapusa. Kusaina dzina la munthu wakufa zaka zisanu ndi zitatu ndi ndende, ndipo chaka chimenecho munthu akatengedwa pa sitima chifukwa cha mapepala, abale ake sankafunsa kuti abwera liti. Ambrose anazungulira midzi yonse, mpaka ku Yofu ndi ku Mbungo, kuuza anthu kuti tsiku la sitima wina asayerekeze kunditchula kuti a Laban.

Kusiya galimoto kunyumba sikukanatheka. Chinali chaka cha chilala, chinangwa chinali chitauma m'minda, ndipo chimanga chachikasu cha chithandizo chinkabwera pa sitima yomweyo. Wokachitula ku Chipyela ndinali ine.

Sitima ziwiri zinabwera n'kupita popanda kanthu. Yachitatu inafika pakati pa Ogasiti, mwera utavuta usiku wonse. Ndinaima pagombe maso ali pa maboti amene ankatsitsa anthu, kufunafuna chipewa kapena yunifolomu ya mlendo. Boti loyamba panalibe, lachiwiri panalibe, lachitatu amayi okhaokha ndi nkhuku zawo. Mtima unakhala pansi, ndipo ndinayamba kukalipira onyamula matumba monga mwa masiku onse.

Pamchenga panakhala bambo wina atavala juzi yamanja aafupi kwa iye, nkhope itatuwa, dzanja lina atagwira chikwama, lina pepala lapulasitiki lokhala ndi zovala zonyowa. Nyanja inali itamuphunzitsa ulemu.

“Mayi, mukupita cha kumtundaku? Miyendo yandikana.”

Ndinamumvera chisoni. Amati tsoka silinunkha. Langa linkanunkha masanzi, komabe ndinalitsegulira chitseko ndekha.

Nditapukusa injini kuti ilire n'kukwera, mawu anamveka kumbuyo, okweza ngati belu la tchalitchi.

“A Laban! A Labani! Thumba langa musalisiye!”

Anali amayi a Millicent a ku Yofu, ogontha khutu limodzi, ndipo Ambrose ayenera kuti analankhulira khutu limenelo. Mlendo uja anadzutsa mutu, nayang'ana uku ndi uku. Ine ndinaponda moto, injini inabangula, tinanyamuka.

Titakwera kamtunda koyamba mphepo inamutsitsimutsa. Anatsegula chikwama natulutsa pepala lalitali lopindapinda, la mizere yobiriwira, lokhala ndi timabowo m'mbali monse. Ndinali ndisanaonepo pepala lotere.

“Mwina mungandithandize,” anatero. “Ndikufuna bambo wina wa ku Khuyu, a Laban Chikwenga.”

Ndinangoti, “Ee.”

“Ameneyo ndiye dalaivala wamkulu kuposa onse m'dziko muno. Zaka makumi asanu ndi anayi! Kompyuta ndiyo yamupeza.”

Anaona kuti sindinamve, ndiye anafotokoza, monyadira ngati makinawo adabereka yekha. Kale, anati, mayina a madalaivala onse ankakhala pa makadi m'madirowa, ndipo kufuna munthu mmodzi kunali kutha sabata, mwinanso kupeza khadi lake mbewa zitadya. Tsopano makalaliki anakhala miyezi isanu ndi umodzi akutaipa makadi onsewo kulowetsa m'makina. Ukawafunsa kuti akupatse onse obadwa chisanafike chaka chakutichakuti, amawandandalika tiyi asanazizire. Okalamba onse anawalembera makalata. Ena anatumiza zikalata za dokotala, ena abale awo anayankha kuti adamwalira. Amene anangokhala chete, makina anawasonkhanitsa pa pepala limodzi n'kupereka kupolisi.

“Anzake a zaka zimenezo ambiri sitingawagwire,” anatero, “chifukwa pa makadi awo chaka chobadwa adangoganizira. Koma inu a ku Likoma mumalemba chilichonse. Onani apa, tsiku, mwezi, chaka, 1902.”

Mumtima ndinatukwana wansembe amene adabatiza atate, pamodzi ndi cholembera chake chabwinocho. Mulungu andikhululukire.

Tinadutsa pa milambe iwiri, galimoto ikugwedera ndi matumba. Iye anali akuyang'anabe pepala lake. Kenako anafunsa mwakachetechete.

“Kodi pachilumba pano pali magalimoto angati?”

“Ya mishoni idafa kale. Mukugona mbuzi.”

“Ndiye kuti ndi ino yokha.”

“Ni ino yokha.”

“Kompyuta ikuti pa Likoma munthu wa laisensi ndi mmodzi.”

Sanakweze mawu. Anapinda pepala lija bwinobwino, naliika pamwendo, natsegula pang'ono pulasitiki ija kuti ndione. M'katimo munali yunifolomu imene anasanzira, lamba wake, ndi unyolo.

“Ndine Sajeni Oswald Kamtedza, wa polisi ya pamsewu. Inu ndinu ndani, mayi?”

Mawu a Ambrose anatuluka okha, mwadongosolo ngati katekisimu. “Ndine Keziah, mwana wawo. Atate akudwala mwezi uno, nikungothandiza chifukwa cha chimangachi.”

“Umenewo ndi mlandu,” anatero, “koma ndi wa chindapusa. Ndikawaona mwiniwake tikambirana. Nanga mayi uja kugombe ankaitana a Laban ati?”

“Amene aja saona bwino. Akamva injini amangoitana.”

Anagwedeza mutu. Sindinadziwe ngati wakhulupirira.

Ku Chipyela amuna anatsitsa matumba, iye ali m'galimoto momwemo. Ndinazungulira kuseri ngati ndikuyang'ana tayala, ndipo maganizo othawa anandibwerera. Koma pachilumba uthawira kuti? Ukathamanga kwambiri ufika m'madzi. Ndinakwera, tinalowera njira ya ku Khuyu.

Njira imeneyo ndi yamiyala, ndipo munthu amayenda pang'onopang'ono, zimene zimapatsa mlendo nthawi yolankhula. Anati sachedwa, chifukwa ayenera kubwerera ndi sitima yomweyi. Atulutsa kakhadi ka malemba, a Laban awerenge ali patali. Kenako akwere galimoto, ayendetse kuchokera pa mtengo wina kukafika pa mtengo wina, abwerere chambuyo, basi.

“Akudwalatu,” ndinatero.

“Dalaivala wa zaka zonsezo, ngakhale akudwala, akangogwira chiwongolero manja amakumbukira okha. Ine ndimaona pa kagwiridwe.”

Kenako anapitiriza, maso ali kutsogolo.

“Mwezi wathawu, m'boma lina, anandionetsa nkhalamba ina kuti ndiye mwini laisensi. Mwiniwake adafa kale, ana ndiwo ankayendera pepala lake. Ndinawatenga onse, nkhalambayo pamodzi. Inkalira ngati mwana, ikuti anangoiuza zonena. Koma lamulo silifunsa kuti anakuuza ndani. Kundende kozizira kuja sindikhulupirira kuti ifika dzinja.”

Kaya ananena dala, kaya ankangocheza, mpaka lero sindidziwa.

Pafupi ndi kwathu pali mlambe waukulu wa mphako pamene njira imagawikana. Kumanzere imatsikira kunyumba. Kumanja imakwera kumanda, ndipo nthambi imeneyo atate adailambula kuti maliro asamavutitse mapewa. Ndinafika pamenepo n'kuima, injini ikugunda.

Kuchokera pa mlambewo khonde lathu limaoneka. A Cyprian anali pampando, jekete ya atate ikulendewera m'mapewa mwawo. M'manja anagwira lichero, akulipotoza kumanzere, kumanja, kumanzere, Ambrose ataima pambali akuwalozera ndi chala. Tsiku lina ndikanaseka mpaka kugwa. Tsiku limenelo ndinaona tizala tawo towonda tija, ndinakumbukira kuti usiku amafunda mabulangete awiri ngakhale mu Okutobala, ndipo ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Ndinachitanso mantha, osati pang'ono. Ndinaganiza za sitima, za chitseko chachitsulo, za mwana wanga Annette ku sekondale akumva kwa anzake kuti amake ali kundende.

“Bwanji taima?” anafunsa Sajeni. Maso ake anali atapeza kale khonde lija. “Ndi amenewo?”

Ndikanangoti ee. Liwu limodzi lokha, lalifupi, ndipo linali kale pa lilime.

“Iyayi,” ndinatero. “Awo ni atate aang'ono, akusewera ni lichero. A Laban ali kuno.”

Ndinapotoza chiwongolero kumanja.

Manda athu ali pamtunda, pakati pa miyala. Ndinazimitsa injini, ndinatsika, iye ananditsatira. Mtanda wa atate ndi wa simenti, ndipo malemba adalemba Ambrose ndi msomali simenti isanaume. Sajeni anawerenga dzina, nawerenga chaka chobadwa ndi chaka chomwalira, natulutsa pepala lake kuyerekeza, ngati mtandawo ungakhale utalakwitsa.

Ndinamasula mfundo ya chitenje n'kumupatsa kabuku kaja. Anatsegula tsamba loyamba pamene pali chithunzi cha atate, tayi ali pakhosi, ndevu zometedwa bwino. Ndicho chithunzi chawo chokha chimene tinali nacho. Anapitirira kumasamba a zidindo, chala chake chikutsika, ndipo chinaima pamene anadutsa 1984.

“Apa anasaina ndani?”

“Ine.”

“Apa?”

“Ine. Ni apo pomwe.”

“Munkadziwa kuti ndi mlandu?”

“Poyamba iyayi. Pambuyo pake nidajiwa.”

Ndinamuuza za khoka ndi chiphaso chake, za muphwa wotchona, za dzina limene akuluakulu anakana kuti ligone pansi. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndimupatse ulemu wake pamenepo. Kenako anati, “Kompyuta sidziwa zolowa dzina, mayi. Khoti nalonso silidziwa. Mupita nane.”

Ndinagwira mtanda wa atate. Ndinkayembekeza kuti ndilira, koma misozi inakana. Anatulutsa unyolo uja, nauyang'ana, nayang'ana nyanja mbali zonse, naubwezera m'pulasitiki.

Pomwepo sitima inalira koyamba. Ikalira koyamba ndiye kuti kwatsala ola limodzi, ndipo wapansi wosadziwa njira zachidule, kuchokera kumanda kukafika ku Mbamba amapitirira ola.

Ndinalunjika ku chitseko changa, koma ananditsekereza ndi dzanja.

“Inu simuyendetsanso. Mwamangidwa. Ine laisensi ndili nayo, zaka khumi ndi ziwiri.”

Ndinamupukusira injini, poti makiyi galimoto imeneyo idaiwala kale, n'kukhala mbali imene ankakhala atate. Ndinati ndimuuze za mabuleki, kuti sagwira ukaponda kamodzi, amafuna kupopa katatu.

“A Sajeni, mabulekiwo…”

“Mayi, womangidwa saphunzitsa wapolisi kuyendetsa.”

Ndinatseka pakamwa. Mkwiyo unandipangitsa, ndipo mkwiyo umenewo ukanatipha tonse.

Kuchokera kumanda njira imatsetsereka molunjika, kenako imakhota mwadzidzidzi pa thanthwe, ndipo kuseri kwa thanthwelo kuli phompho la miyala lotsikira kunyanja. Atate ankatsika pamenepo ndi giya yoyamba, ndipo anandimenyapo ndi chipewa tsiku limene ndinayesa yachiwiri. Sajeni anaika yachiwiri, kenako yachitatu, monga amachitira pa tala. Galimoto yopanda katundu inayamba kudumpha. Ndinaona phazi lake likupita pa buleki, ndipo buleki inangolowa mpaka pansi ngati waponda phala.

“Popani! Katatu!”

Sanapope. Anakanikiza phazi pomwepo, manja atauma pa chiwongolero, maso atatong'oka. Thanthwe linkabwera, ndipo kuseri kwake ndinkaona madzi okhaokha.

Za ulemu ndinaziiwala. Ndinakankha bondo lake ndi langa, ndinaponda pamwamba pa nsapato yake, kukweza, kuponda, kukweza, kuponda. Dzanja lina ndinakoka handibuleki imene tidamangirira ndi chingwe cha khoka, lina ndinalanda chiwongolero n'kuchikhotetsera kumtunda, m'munda wa chinangwa. Tinadumpha mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, mitengo youma ikuthyoka pansi pathu. Pa mzere wachisanu galimoto inatsokomola n'kuzima.

Fumbi linatikuta. Kunali zii, kupatula mbuzi ina imene inkalira chapatali. Nditasuzumira pawindo ndinaona kuti kuchokera pa tayala lakumbuyo kukafika m'mphepete mwa phompho panali mapazi anayi, osapitirira.

Sajeni anakhala nthawi yaitali akupuma ngati wathamanga. Kenako anatsegula chitseko, nazungulira kutsogolo atagwira boneti, nafika mbali imene ndinakhala n'kuima. Ndinangosendera pa mpando wanga wa pa chiwongolero. Sitima inalira kachiwiri.

Ulendo umenewo ndinayendetsa monga sindinayendetsepo. Ndinkadziwa kuti ndi womaliza, ndiye mwala uliwonse ndinaupatsa ulemu wake. Pa mlambe ndinaona Ambrose akuthamanga kudutsa m'minda, chipewa chili m'manja, kulowera njira yachidule ya kugombe. Giya iliyonse inalowa popanda kukukuta. Ndinkamva ngati atate ali pambali akumvetsera injini, koma ndikacheuka ndinkapeza wapolisi atagwira chitseko ndi manja awiri.

Tinafika pa Mbamba boti lomaliza likukweza anthu. Mbiri pachilumba imathamanga kuposa galimoto, ndipo gombe lonse linali litadziwa kale. Onyamula matumba anaima. Amayi amene ankadikira chimanga anaima. Ambrose anafika ali wefuwefu, nayamba kuti, “Bwana, tikambirane,” koma ndinamuyang'ana ndipo anameza mawu ake.

Sajeni anatsika, nayala pepala lake lalitali pa boneti, natsamiritsa ndi mwala kuti mphepo isaulutse. Anthu a m'boti ankamukuwira kuti afulumire. Iye anatulutsa cholembera, napeza dzina la atate pamwamba penipeni, nakhala akuliyang'ana. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza kuti ndimuuze chiyani Ambrose za Annette, ndi kuti nkhuku zanga azisiye kwa ndani.

Analemba pambali pa dzinalo, ndipo ndinawerenga mozondoka: Adamwalira 1984. Manda ndawaona.

“Kompyuta inandituma kwa a Laban Chikwenga,” anatero motsitsa mawu, osandiyang'ana. “Ndawapeza. Za Keziah sinandifunse, chifukwa m'menemo mulibe munthu wa dzina limenelo.”

Kaya chinali chifundo, kaya ankaopa kuti kukhoti ndikanena amene anakhala pambali panga potsika phiri, ndi amene anathyola chinangwa cha eni ake, zimenezo akudziwa yekha. Ine sindinafunse.

“Koma mvetsani. Galimoto iyi isayendenso mpaka dzina lanu litalowa m'makina aja. Laisensi ya a Laban ikangofafanizidwa, kompyuta iona kuti pa Likoma pali galimoto yopanda dalaivala. Ndikadzamva kuti ikuyenda, sindidzabwera ndekha, ndipo sindidzavula yunifolomu.”

Anatembenuza pepala, nandipatsa cholembera. “Sainani apa, kuti ndinu mwandiuza za imfayi.”

Ndinawerama pa boneti. Dzanja linayamba lokha, ndipo ndisanazindikire linali litalemba kale L wamkulu, wamchira wautali monga ankalembera atate. Ndinaima. Sajeni anaona, nayang'ana kumbali. Ndinakhwatcha, n'kuyamba pambali pake pang'onopang'ono, ngati mwana wa sitandade wani. Dzina langa linatuluka lokhota, losazolowera.

Kabuku kaja anakaika m'thumba la juzi.

“A Sajeni,” ndinatero, “chithunzicho. Tilibe china.”

Anaika dzanja pa thumbalo, ndipo ndinaona kuti akuganiza. “Chili ndi chidindo cha boma, mayi. Ndikapita nako kopanda chithunzi andifunsa mafunso, ndipo mafunsowo adzafika kuno.”

Anapinda buluku, nalowa m'madzi, anthu namukokera m'boti. Ndinaima pamenepo mpaka boti linafika pa sitima. Ndinali mfulu, ndipo ndinayenera kugwada pamchenga kuthokoza Mulungu. Koma chimene ndinkamva chinali china. Mu 1984 ndinalira pang'ono chabe, chifukwa m'mawa mwake kunali wodwala wonyamula, ndipo anthu anaitana dzina la atate ine n'kuyankha. Tsopano atate ankachoka zenizeni, m'thumba la juzi ya mlendo.

Pamchenga panali patatsala mulu wa matumba, wautali kuposa munthu, ndipo dzuwa linali litapendeka. Anthu ankayang'ana ine, ankayang'ana galimoto. Amayi a Millicent okha ndiwo sanamve chilichonse cha zimene zinachitika. Anabwera ndi ndodo yawo, nandikoka chitenje.

“A Laban, nanga thumba langa? Pukusani tizipita, kukuda.”

Ndinawerama pa khutu lawo labwino lija.

“A Laban adamwalira, amayi.”

Anandiyang'ana modabwa. Ndinavula mpango n'kupinda nkhata, Ambrose anandisenzetsa thumba lawo, ndipo tinauyamba wapansi wa ku Yofu.